Kadontho ka Magazi Papepala

Mu 1913, Ivar Bang, katswiri wa ku Norway amene ankagwira ntchito ku Lund, anasonyeza kuti timagazi tongonyowetsa kapepala n'tokwanira kuyezera shuga. Nzeruyi inadzatchuka patapita zaka pafupifupi 50, pamene Robert Guthrie wa ku Buffalo anayamba kubaya makanda kuchidendene n'kudonthezera magaziwo pakhadi pofufuza matenda a PKU. Nkhaniyi inkamukhudza, chifukwa mwana wa m'bale wawo anali ndi matendawa.

Oyesa mankhwala atsopano anachedwa kuitola nzeruyi. Pofuna kudziwa mmene mankhwala amayendera ndi kuthera m'thupi, ankapopa khoswe magazi kangapo patsiku, chonsecho kanyamaka magazi ake n'ngochepa. Motero ankaweta gulu lina la makoswe ongopopedwa magazi basi. Cha mu 2008, asayansi a kampani ya GlaxoSmithKline anatembenukira kumakhadi aja. Kadontho kochokera kumchira kamauma kwa maola angapo, kenako amaboolapo kachidutswa ka mamilimita 3 n'kukayeza pamakina. Makoswe ofunika anachepa kwambiri, chinthu choyamikirika ndithu.

Chovuta chinaonekera pambuyo pake: magazi okhathamira safalikira papepala mofanana ndi amadzimadzi, ndiye muyezo umatha kuphonya.