Mikwaso Yofafanizika ya ku Waverley

Pamene lero pali nyumba za Waverley, mumzinda wa Kadoma, kale panali tchire lodutsamo nyama. Dera la pakati pa mitsinje ya Mupfure, Muzvezve ndi Munyati linali busa la njati, mbidzi, mphalapala, ntchefu ndi njovu. Mvula ikagwa, nyamazi zinkamwazikana m'madambo kutsata msipu wanthete. Chilimwe chikafika, zithaphwi zitauma, zinkatsikira kumaiwe a m'mitsinje. Alenje a Chishona ankawerenga nyengo poona mapazi awo.

Mu 1865, Mzilikazi, mfumu ya Amandebele, analola Henry Hartley kusaka njovu m'dziko la Amashona. Hartley anapezako minyanga, komanso anaona maenje akale okumbamo golide, ndipo chaka chotsatira anabwera ndi Karl Mauch kudzawaona. Frederick Selous naye anasakako mu 1878. Njovu zotsala zinathawira kuzigwa za kashembe, kumene akavalo a alenje sakanakhala moyo.

Mliri wa rinderpest unapulula njati mu 1896, ndipo kashembe anachepa kwambiri. Mu 1902 njanji ya pakati pa Bulawayo ndi Salisbury inadula mikwaso pakati, migodi ndi mafamu nkutsatira. Nyama zitayamba kuchulukanso, kashembe anabwerera ndi kuopseza ng'ombe za atsamunda. Kuyambira 1919 boma linalamula kuti nyama ziziphedwa, ndipo linamanga mipanda yawaya yozitchingira njira. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nyama zoposa 600,000 zinali zitaomberedwa m'dziko lonselo.

Njira za nyama zikutsekeka, za anthu zinatseguka. Amuna a ku Nyasaland ankayenda wapansi kudzera ku Tete kukagwira ntchito kumigodi monga Cam and Motor. Ambiri anasanduka matchona, ndipo zidzukulu zawo zikadali ku Rimuka ndi Eiffel Flats.

Mu 1982 Gatooma anasanduka Kadoma, Hartley nkukhala Chegutu. Dzina la mlenje linachoka pamapu, koma nyama sizinabwerere: ulendo wawo unkafuna tchire losadukiza, ndipo tchirelo linagawidwa kale. Komabe matchona aja anabwera ndi gule wamkulu. Ng'oma zikalira pamaliro m'makomboni a migodi, zilombo zimatuluka kudambwe kulowa m'bwalo. M'dziko limene nyama zinathetsedwa ndi mfuti ndi waya, zilombo zoyendabe panyengo yake ndi zoluka ndi manja a alendo.