Ndalama za boma zomangira nyumba za anthu osauka: ulendo wake kuchokera ku likulu kufika ku Chimbiya

Ndalama zimene boma la Malawi limapatula kuti anthu opeza movutikira akhale m'nyumba zabwino zimachokera m'thumba limodzi, la unduna wa zachuma ku Capital Hill. Kuti zifike pamalo ngati Chimbiya, msika wa m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza, zimayenera kudutsa ku unduna woona za nyumba kapena ku khonsolo ya Dedza. Mbiri ya ndalamazi ikusonyeza kuti zinachedwa kwambiri kufika kumudzi, ndipo zitafika, mphamvu yonena kuti zipite kwa yani ndiponso zikhale zingati inatsalirabe ku likulu.

M'nthawi ya atsamunda, boma linkaona nyumba ya munthu wakumudzi ngati chinthu chokhomerapo msonkho. Msonkho wa nyumba unayamba m'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston akulamula dziko lino, ndipo unakakamiza amuna ambiri a m'mapiri a Dedza kukafuna ndalama kuminda ya azungu, ku Harare ndi kumigodi ya ku Joni. Kumanga kunali ntchito ya banja ndi achibale: kudinda khoma la mdindo kapena kuumba zidina, kudula phaso, kumweta udzu ndi kufolera mvula isanagwe. Mafumu atapatsidwa mphamvu zoyendetsa madera awo mu 1933, ndiponso makhonsolo a m'maboma atakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1950, ndalama zawo zochepazo zinkapita ku misewu, misika ndi masukulu. Malata oyamba m'midzi yambiri anagulidwa ndi matchona obwera kuchokera kunja.

Mu 1964, chaka chimene dziko linalandira ufulu, boma linakhazikitsa bungwe la Malawi Housing Corporation. Dr Kamuzu Banda ankakonda kunena pamisonkhano kuti anthu ake ayenera kukhala ndi zinthu zitatu, chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, koma ndalama za bungweli zinathera m'matauni, makamaka pa nyumba za lendi za ogwira ntchito m'boma. Kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, ntchito imene bungwe la Capital City Development Corporation linayamba mu 1968 ndipo inafika pachimake mu 1975, kunakokeranso chuma chambiri ku Lilongwe. Kwa anthu a malipiro ochepa, boma linkadula mapuloti, kulambula misewu ndi kuika mipope ya madzi, n'kumusiya munthu kuti amange yekha monga angathere. Kawale ndi Area 25 ku Lilongwe anakula motero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 malo amenewa anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda, ndipo apa m'pamene khonsolo inayamba kukhala ndi gawo lenileni pa nkhani ya nyumba za osauka. Makhonsolo a kumidzi, monga ya Dedza, sanakhudzidwe.

Kumidzi kunafika zoyesayesa zochepa chabe. M'zaka za m'ma 1980 boma, mothandizidwa ndi mabungwe a United Nations, linayendetsa ntchito yobwereketsa zipangizo zomangira kwa anthu a kumudzi ndi kuphunzitsa amisiri, ndipo mu 1986 bungwe la Habitat for Humanity linayamba ntchito yake m'dziko muno. Nyumba zimene zinamangidwa zinali zowerengeka poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu.

Kusintha kwakukulu pa kayendedwe ka ndalama kunabwera ndi ulamuliro wa zipani zambiri. Mu 1995 kunabadwa MASAF, thumba la ndalama za ku World Bank, limene linazoloweretsa anthu kusankha okha chitukuko, kuumba njerwa ndi kututa mchenga, boma n'kubweretsa simenti, malata ndi malipiro a mmisiri. Mu 1998 kunabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo latsopano la maboma aang'ono. Ndondomekoyi inanena kuti magawo 5 pa 100 alionse a ndalama zimene boma limatolera azipita ku makhonsolo, ndipo komiti ya National Local Government Finance Committee ndiyo inapatsidwa udindo wogawa. Papepala njira yake ndi yomveka bwino: mudzi umatula zosowa zake ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), VDC imapita nazo ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), ADC imazitula ku khonsolo. Koma boma silinkafikitsa gawo lolonjezedwalo, ndipo makhansala amene anasankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Zaka zonsezo khonsolo ya Dedza, monga ena onse, inkayendetsedwa ndi bwanamkubwa (DC) ndi akuluakulu a maofesi ake, mafumu ndi aphungu akupereka maganizo.

M'zaka zomwezo munabadwa matumba ena awiri. CDF, ndalama ya chitukuko cha m'dera la phungu, inayamba mu 2006, ndipo kuyambira pachiyambi anthu ankaitcha ndalama ya aphungu, ngakhale kuti imasungidwa ku khonsolo. LDF, ndalama ya chitukuko cha m'makhonsolo, inalowa m'malo mwa MASAF mu 2009, ndipo ina mwa ntchito zake zodziwika inali kumanga nyumba za aphunzitsi a kupulayimale. Nyumba zimenezi ndi zimene munthu wa kumudzi angaloze kuti khonsolo inamanga, komabe ndi nyumba za antchito a boma. Mayi wamasiye amene anasenza mchenga womangira nyumba ya aphunzitsi ankabwererabe kukagona m'nyumba yodontha.

Ganizo loti boma lithandize munthu wamba kumanga nyumba yakeyake linakula chifukwa cha ndale za chisankho cha 2014. Mu 2013 Pulezidenti Joyce Banda anayambitsa Mudzi Transformation Trust, imene inkamangira nyumba okalamba ndi ovutikitsitsa, koma sinkadutsa kwenikweni m'njira za khonsolo ndipo inazilala iye atachoka pampando. Peter Mutharika analonjeza pakampeni malata ndi simenti zotsika mtengo, ndipo atapambana chisankho, kumapeto kwa 2014 anakhazikitsa pulogalamu imene dzina lake la m'mabuku ndi Decent and Affordable Housing Subsidy Programme, koma aliyense ankangoti ya malata ndi simenti. Dera lililonse la phungu linapatsidwa mabanja 80 pachaka. Popeza madera analipo 193, opindula ankayenera kukhala 15,440. Banja linkalandira malata, simenti ndi zipangizo zina. Theka la mtengo wake boma linkalipira, theka lina linali ngongole yobweza pang'onopang'ono. Anthu ochepa ovutikitsitsa, monga okalamba ndi olumala, ankamangiridwa mwaulere.

Kagawidwe kameneka n'kofunika kukayang'anitsitsa, chifukwa ndi kamene kanaonetsa poyera malire a mphamvu ya khonsolo. Chiwerengero cha 80 chinakhazikitsidwa ku likulu, chimodzimodzi kwa dera la anthu ambiri ndi la anthu ochepa, kwa dera lolemera ndi losauka. Kugula zipangizo ndi kusankha makampani ozinyamula kunkachitikiranso ku unduna. Ntchito ya khonsolo, mafumu ndi magulu a m'midzi inali kulemba maina ndi kulandira katundu akafika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Dedza muli anthu oposa 830,000, choncho mabanja mazana angapo pachaka anali ngati mchere wa m'kasupuni m'mphika wa pamaliro. Pamene opempha achuluka chotere ndipo zopereka zachepa, kulemba maina kumasanduka mlandu. M'madera ambiri a dziko lino munamveka madandaulo akuti mndandanda wadzaza ndi achibale a olemba kapena otsatira chipani cholamula.

Vuto lina linali m'kapangidwe ka pulogalamuyo. Wolandira ankayenera kukhala ataumba njerwa ndiponso wokhoza kulipira mmisiri, kotero wosauka kwenikweni ankagwa pamayeso oyamba. Zipangizo zikabwera mosiyanitsa nthawi, simenti lero malata miyezi ingapo kutsogolo, khoma linkanyowa ndi mvula yoyamba, ndipo simenti yosungidwa pansi m'nyumba yachinyezi inkauma n'kukhala mwala. Kumapiri ozizira a Dedza kulinso mfundo imene olemba mapulani ku Lilongwe saiganizira kawirikawiri: nyumba ya malata yopanda siling'i imazizira koopsa mu June ndi July, ndipo m'mamawa malatawo amachita thukuta n'kumadonthezera pazofunda. Ngakhale zili choncho palibe amene amakana malata, chifukwa udzu wofolera ukusowa chaka ndi chaka pamene minda yafika mpaka m'mphepete mwa mapiri. Ngongole nayo sinabwezedwe bwino. Ambiri ankaiona ngati mphatso ya kampeni, ndipo boma, poopa kukwiyitsa ovota, silinalimbikire kutolera. Thumba limene likanamazungulira kuti ena apindule linkadikira bajeti yatsopano chaka chilichonse.

Boma litasintha mu 2020, pulogalamuyi sinapitirire. Ulamuliro wa Lazarus Chakwera unatembenukira ku lonjezo la nyumba 10,000 za asilikali, apolisi ndi ena achitetezo, komanso nyumba zolimba za anthu achialubino amene ankasakidwa ndi zigawenga. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba zambiri kuchigawo cha kummwera mu March 2023, thandizo la nyumba linalunjika kwa okhudzidwa ndi ngozi. Nthawi yomweyo mtengo womangira unakwera kwambiri, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zina zikuluzikulu, amene cholinga chake ndi kuteteza mitengo, anapangitsanso kuti nyumba iliyonse yomangidwa ndi ndalama za khonsolo izidalira simenti kuposa kale.

Ndalama zimene zakula kumakhonsolo m'zaka zaposachedwa ndi za CDF, zimene zinafika K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, kenaka K200 miliyoni mu 2024. Zimenezi zimamangira milatho, midadada ya sukulu, zipatala zing'onozing'ono ndi nyumba za antchito a boma, ndipo kukula kwake kwakulitsanso mkangano wa yemwe ayenera kuzilamulira. Mu May 2025 khoti linagamula kuti aphungu sayenera kuvota m'makhonsolo kapena kuyendetsa thumbali, chigamulo chimene chinakweza udindo wa makhansala ndi ma ADC.

Nyumba zambiri za malata zimene zikuoneka lero kuzungulira Chimbiya zinamangidwa ndi ndalama za mbatata ya kachewere, nyemba, tomato ndi nkhumba zogulitsidwa pamsikapo, za banki m'khonde, ndi zotumizidwa ndi achinyamata a ku Joni. Banja limagula malata awiri kapena atatu likakolola, n'kuwasunga kuseri kwa chitseko mpaka atakwana. Ngongole ya kubanki siifika kwa anthu otere chifukwa malo a makolo alibe chikalata chimene banki ingalandire ngati chikole. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsera malowa kudzera m'makomiti a m'midzi ndi ku khonsolo, koma kalemberayu akuyenda pang'onopang'ono ndipo sanafike m'midzi yambiri.