Ku Chitala kulibe chikwangwani cha alendo

Basi za ophunzira zikanyamuka ku Salima pa msewu wa M5 kukaona malo a mbiri yakale, pa Chitala zimangodutsa ngati mphepo. Onse mtima uli ku Nkhotakota, pa mkuyu uja pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863 kukamba za malonda a akapolo. Malowo ndi ofunika ndithu. Koma tizikumbukira kuti zokambiranazo sizinaletse kanthu: zombo za Jumbe zinapitiriza kuolotsa anthu panyanja mpaka m'zaka za m'ma 1890. Chapafupi pomwepo, m'tchalitchi cha All Saints, muli manda a Bishopu Chauncy Maples, yemwe anamira m'nyanja mu 1895. Mayina a azungu awiriwa mwana wa sukulu amawaloweza. Mayina a amene anamangidwa magoli, zii.

Ine ndikuti mbiri yomwe inalowa m'nyumba za anthu a kuno ndi ya thonje. Boma la atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba, ndipo munthu wakumudzi anali ndi njira zochepa zoupezera: kukagwira ntchito ku maesiteti, kutsika ku migodi ya ku Halale ndi ku Joni, kapena kulima mbewu yogulitsa. M'chigwa chotentha cha Salima mbewuyo inali thonje. Kafukufuku wake anayamba m'dera lino la Domira Bay m'zaka za m'ma 1930, ndipo siteshoni ya Chitala ndi mphukira ya ntchito imeneyo. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935. Musaganize kuti anaiyala kuti agogo athu azikachezera abale. Inabwera kudzanyamula katundu.

Mtengo wa thonje ankaika ndi ogula, mlimi n'kungolandira. ADMARC itabwera mu 1971, pa sikelo panaima munthu wina, koma mlimi mawu analibebe.

Nanga bwanji wophunzira wa mbiri amatha zaka zinayi osapondako ku Chitala? Mwina chifukwa kulibe mtengo umene mzungu anakhala patsinde pake. Koma m'midzi ya kwa Khombedza muli agogo amene anasankha thonje loyera ndi lothimbirira ali ana, amene amakumbukira alangizi okakamiza kuzula ndi kutentha mapesi ake nyengo ikatha. Ambiri tsopano adutsa zaka 80. Ku dipatimenti yathu timadandaula kuti Zomba ndi kutali, mafaelo a ku National Archives ndi ovuta kuwapeza, chonsecho kuchoka pa Kamuzu Road kukafika pa Chitala ndi ulendo wosakwana ola limodzi pa minibasi.