Ola Limodzi Pachishalo: Mbiri ya Liwiro la Njinga Yakapalasa

Nkhani ya sabata ino yachokera pa kamkangano ka pakhomo. Mng'ono wanga, amene wangogula kumene njinga ya magiya pa kaunjika, anafika ali wefuwefu n'kundilozetsa foni: "Achimwene taonani, 46 pa ola!" Nditamufunsa kuti liwirolo analisunga nthawi yaitali bwanji, anayamba kukanda m'mutu. Eti panali pamtsetse, ndipo sipanathe n'komwe mphindi imodzi. Titawerengera ulendo wonse, tinapeza kuti ankayenda makilomita 19 pa ola.

Sindinamuseke ayi, chifukwa 19 ameneyo ndiye woona. Munthu wamba wopalasa mongosangalala pamsewu wathyathyathya, popanda chitunda kapena mtsetse, amayenda makilomita 15 mpaka 20 pa ola. Amene anazolowera, wokhala ndi njinga yopepuka, amatha kusunga 25 mpaka 30. Chodabwitsa n'chakuti manambala amenewa sanasinthe kwenikweni kuyambira nthawi ya agogo a agogo athu. Galimoto ndi ndege zinawonjezera liwiro kambirimbiri, koma njinga inangokhala ngati yagunda khoma. Khoma lake ndi liti? Tiyeni tibwerere m'mbuyo.

Mu June 1817, ku Mannheim m'dziko la Germany, Karl von Drais anatulukira pamsewu atakwera chinthu chamatabwa cha magudumu awiri. Chinalibe mapedulo kapena tcheni. Munthu ankakhala pachishalo n'kumakankha pansi ndi mapazi, monga achitira mwana amene akuphunzira kumene. Paulendo wake woyambawo anayenda makilomita pafupifupi 13 ola lisanakwane. Taganizirani: woyenda pansi amatha makilomita 5 pa ola. Tsiku loyamba lomwelo, njinga inali itaposa kale miyendo kawiri ndi kuposera apo.

M'zaka za m'ma 1860 amisiri a ku Paris anamangirira mapedulo pa gudumu lakutsogolo. Mu November 1869 kunachitika mpikisano wochokera ku Paris kukafika ku Rouen, mtunda wa makilomita 123. Anapambana ndi Mngelezi wina, James Moore, atapalasa maola opitirira 10. Mukagawa mupeza kuti katswiriyo ankayenda pafupifupi makilomita 12 pa ola, liwiro limene wakabaza wa lero amalipitirira atanyamula munthu ndi thumba la chimanga lomwe.

Vuto linali lakuti pedulo likazungulira kamodzi, gudumu nalo linkazungulira kamodzi basi. Ofuna liwiro anangoti, ndiye tikulitse gudumulo. Apa m'pamene panabadwira njinga zija timaziona pazithunzi zakale, gudumu lakutsogolo lotalika pafupifupi mita ndi theka, lakumbuyo kakang'onong'ono. Zinkathamangadi, koma ukangopunthwa pamwala unkagwa chamutu kuchokera m'mwamba. Zinali za anyamata olimba mtima okhaokha.

Zinthu zinasintha ndi nzeru ziwiri. Mu 1885, ku Coventry, John Kemp Starley anatulutsa njinga yotchedwa Rover, ya magudumu osasiyana kwambiri kukula, ndi tcheni yokoka gudumu lakumbuyo. Tcheni inachititsa kuti gudumu lizungulire kangapo pamene mwendo wazungulira kamodzi. Kenako mu 1888, ku Belfast, dokotala wa ziweto John Boyd Dunlop anaika matayala opopa mpweya pa kanjinga ka mwana wake, ndipo chaka chotsatira Willie Hume anapambana mipikisano mumzinda womwewo atakwera matayala oterowo. Pofika m'ma 1890 njinga inali itatenga kale maonekedwe amene tonse tikuwadziwa. Humber ya agogo ija, kaya Hero ya wakabaza pa siteji, ndi zidzukulu za njinga imeneyo.

Kuyambira pamenepo akatswiri anapeza muyeso wosavuta kukangana nawo: munthu mmodzi, bwalo losalala, ola limodzi, tione ufika pati. Palibe mnzako wokutchingira mphepo, palibe mtsetse wokuthandiza. Pa 11 May 1893, ku Paris, Henri Desgrange anayenda makilomita 35 ndi mamita 325. Ndi bambo yemweyu amene anadzayambitsa mpikisano wa Tour de France mu 1903. Mu 1914 Oscar Egg wa ku Switzerland anafika pa makilomita 44 ndi mamita 247. Pamenepo zinthu zinayamba kulimba. Panatenga zaka 58 kuti awonjezerepo makilomita 5 okha: mu October 1972 Eddy Merckx wa ku Belgium anayenda makilomita 49 ndi mamita 431, ndipo potsika panjingapo anali wofooka zedi.

Koma tamvani kumene Merckx anakachitira zimenezi: ku Mexico City, mzinda umene uli pamtunda wopitirira mamita 2,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Anatsatira chiyani kutali konseko? Mpweya wa kumtunda ndi wopyapyala, sukankha kwambiri pachifuwa. Khoma lija ndi limeneli, abale anga. Pamsewu wathyathyathya, ukangopitirira makilomita 20 pa ola, mphamvu zako zambiri zimathera pa kung'amba mpweya. Ukafuna kuwirikiza liwiro kawiri, mpweya umakukankha kanayi, ndipo mphamvu zofunika kuti uugonjetse zimawirikiza kasanu n'katatu. N'chifukwa chake kuchoka pa 15 kufika pa 20 n'kosavuta, koma kuchoka pa 30 kufika pa 35 umachita kulawa magazi kukhosi.

Mbiri yonse yotsatira ndi ya anthu ozembera mpweya, ndi akuluakulu a malamulo owathamangitsa. Mu 1933 Mfalansa wina, Francis Faure, amene sankawerengedwa m'gulu la akatswiri apamwamba, anakwera njinga yopalasa chogona chagada n'kuyenda makilomita 45 ndi mamita 55, kuposa Egg. Bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, la UCI, linaletsa njinga zoterozo m'mipikisano yake mu 1934. Mu 1984 Francesco Moser wa ku Italy anaphwanya mbiri ya Merckx ndi magudumu otseka, opanda masipoko oonekera, n'kufika pa makilomita 51 ndi mamita 151.

Amene amandisangalatsa ine ndi Graeme Obree wa ku Scotland. Analibe chikampani chachikulu kumbuyo kwake. Anadzipangira yekha njinga kunyumba, zitsulo zina anazula m'makina ochapira zovala. Ankapalasa atapinda manja pansi pa chifuwa, mutu uli kutsogolo ngati nkhuku yojompha. Mu July 1993, ku Hamar m'dziko la Norway, anayesa tsiku loyamba n'kulephera, m'mawa mwake anabwereranso n'kuyenda makilomita 51 ndi mamita 596. A malamulo analetsa kakhalidwe kakeko. Iye anatulukira kena, kotambasula manja onse kutsogolo. Chris Boardman wa ku England anatengera komweko n'kufika pa makilomita 56 ndi mamita 375 mu 1996 ku Manchester. Nakonso kanaletsedwa.

Ndiye kunachitika chinthu chimene chimaulula zonse. UCI italamula kuti aliyense wofuna mbiriyi akwere njinga yofanana ndi ya Merckx, Boardman yemweyo anayesa m'chaka cha 2000. Anayenda makilomita 49 ndi mamita 441. Patatha zaka 28, ndi maphunziro onse atsopano a zakudya ndi zolimbitsa thupi, anaposa Merckx ndi mamita 10 okha! Makilomita 7 ena aja anali a kuzemba mpweya. Malamulo atafewetsedwanso mu 2014, Filippo Ganna wa ku Italy anafika pa makilomita 56 ndi mamita 792 mu October 2022, ndipo mu 2023 Vittoria Bussi anakhala mayi woyamba kupitirira makilomita 50.

Kwathu kuno phunziro limeneli sitichita kulimva m'mabuku. Funsani aliyense amene anapalasapo msewu wa m'mbali mwa nyanja kuchoka ku Nkhotakota kulowera ku Salima m'mwezi wa July, mwera uli pamphumi. Msewu ndi wathyathyathya, koma umangomva ngati ukukwera phiri la Dedza. Pobwerera, mwera uli kumsana, umadziona ngati katswiri. N'chifukwa chakenso anyamata akamapalasa pagulu amatsatana bumper kwa bumper: wakumbuyo amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Ndipo wonyamula matumba a makala otundumuka mbali zonse amalimbana ndi zinthu ziwiri, kulemera ndi mphepo.

Tsono mng'ono wanga ndinamuuza kuti 19 wakeyo asachite naye manyazi. Kuchokera pa Desgrange kufika pa Ganna padutsa zaka 129, ndalama zankhaninkhani zathera pamenepo, koma liwiro silinawirikize n'kawiri komwe. Pamene kusiyana kwa woyenda pansi ndi wopalasa wamba ndi katatu kapena kanayi. Chipatala chikakhala pamtunda wa makilomita 20, wapansi amafika patatha maola anayi, wanjinga amafika ola litangopitirira pang'ono. Kwa mayi amene matenda amuyamba usiku, kapena mwana wa sukulu yoyendera amene mayeso akuyamba 8 koloko, maola atatu amenewo ndi nkhani yaikulu kuposa mamita 10 a Boardman.

Mnyamatayo anangoti, "Komabe 46 ija ndinafikadi." Ndinavomera. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, koma sindinafune kumuwonongera tsiku.

Nanga inu, ulendo wautali kwambiri umene munapalasapo unali wochokera kuti kukafika kuti, ndipo munatenga maola angati? Osawonjezera mchere chonde. Tionane sabata yamawa.