Akaidi a ku Britain Amene Anatumizidwa ku Australia

Kupitikitsira akaidi kutsidya kwa nyanja chinali chilango chimene makhoti a ku Britain ankapereka m'malo mwa kunyonga, ndipo chinakhazikika ndi lamulo la mu 1718, limene linalola kuti opezeka olakwa azitumizidwa ku America kukalima m'minda ya fodya ya ku Virginia ndi Maryland. Anthu pafupifupi 50,000 anapita kumeneko, koma nkhondo yomenyera ufulu imene inabuka ku America mu 1775 inatseka njirayi, moti boma linayamba kuunjika akaidi m'zombo zakutha zokocheza pamtsinje wa Thames, momwe matenda ankapululutsa anthu.

Pofuna kwina kokatula khamuli, boma linasankha Australia. Zombo 11 zotsogozedwa ndi Arthur Phillip zinanyamuka ku Portsmouth mu May 1787 zitanyamula akaidi oposa 700, ndipo zinakocheza ku Sydney Cove pa 26 January 1788, padziko limene eni ake, Aaborijini, sanafunsidwe n'komwe. Ulendo wachiwiri, wa mu 1790, unali wochititsa nthumanzi, chifukwa amalonda amene anapatsidwa ntchito yonyamula akaidi ankalipidwa potengera chiwerengero cha okwera osati cha ofika amoyo, kotero kuti mwa akaidi pafupifupi 1,000, oposa 250 anafera panyanja. Pazaka 80 anthu pafupifupi 162,000 anatumizidwa, mwa iwo akazi pafupifupi 25,000, ndipo ambiri anali osauka ogwidwa ndi milandu yakuba, olamulidwa kukhala kumeneko zaka 7, zaka 14 kapena moyo wawo wonse.

Tsogolo la mkaidi silinkadalira kwenikweni kukula kwa mlandu wake, koma luso la manja ake ndi mtima wa bwana amene wagwera m'manja mwake, popeza ambiri sankatsekeredwa m'ndende koma ankagawidwa kwa atsamunda kuti aziweta nkhosa, kulima ndi kumanga popanda malipiro. Wosunga mwambo ankatha kulandira chikalata chomulola kudzigwirira ntchito m'dera limene wauzidwa chilango chake chisanathe, pamene wamakani kapena wothawa ankakwapulidwa, kumangidwa maunyolo n'kukaphwanya miyala pamisewu, kapenanso kutumizidwa ku Norfolk Island ndi Port Arthur, malo amene anatchuka ndi nkhanza. Koma ena mwayi unawagwera: Francis Greenway, amene anamangidwa chifukwa cholemba chikalata chachinyengo, anakhala katswiri wa boma wojambula mapulani a nyumba m'nthawi ya bwanamkubwa Lachlan Macquarie, ndipo Mary Reibey, amene anagwidwa ndi hatchi yakuba ali kamtsikana, anadzakhala wamalonda wolemera, moti nkhope yake ili pandalama ya madola 20 ya dzikolo.

Obwerera kwawo anali ochepa, chifukwa ulendo unali wodula ndipo chikhululukiro china chinkaletseratu munthu kupondanso ku Britain. Amene amakumbukiridwa kwambiri ndi aganyu asanu ndi mmodzi a m'minda ya ku Tolpuddle, amene anapitikitsidwa mu 1834 chifukwa cholumbirirana poyambitsa bungwe la ogwira ntchito, koma anakhululukidwa mu 1836 anthu atachita zionetsero ku London. Atsamunda odzipitira okha atachuluka n'kuyamba kunyansidwa ndi mbiri yoti dziko lawo ndi ndende, kutumiza akaidi kunatha ku Van Diemen's Land, imene lero ndi Tasmania, mu 1853, koma kunapitirira kumadzulo kwa Australia mpaka pamene chombo chomaliza, Hougoumont, chinafika ku Fremantle mu January 1868.