Muyembe ndi Nthenda ya Ebola: Phunziro la ku Congo

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pa zaka zambiri, mliri wachilendo ukabuka mu Africa, anthu ankayembekezera akatswiri ochokera kutsidya la nyanja. Akatswiriwo ankabwera, n'kutenga magazi a odwala, n'kubwerera kwawo. Eni dziko ankangotsala ndi manda. Mbiri ya Jean-Jacques Muyembe wa ku Congo ikutionetsa zimene zimachitika mwana wa pamudzi pomwepo akaphunzitsidwa kufufuza matenda.

Pamene dziko la Congo lidalandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa atsamunda a ku Belgium m'chaka cha 1960, kudalibe dokotala ndi mmodzi yemwe wobadwira m'dzikomo. Atsamunda ankaphunzitsa anthu akuda ntchito yothandizira madokotala basi, ndipo sukulu ya ukachenjede ya Lovanium idatsekulidwa mochedwa, mu 1954. Muyembe, yemwe adabadwa mu 1942 m'chigawo cha Bandundu, adali mmodzi mwa anyamata amene adalowa pa khomo lomwe lidangotsekuka kumenelo. Adatsiriza maphunziro a udokotala pa Lovanium mu 1969, ndipo mu 1973 adalandira digiri yapamwamba ya za tizilombo ta mavairasi ku Leuven, m'dziko la Belgium. Atamaliza maphunzirowa adabwerera kwawo.

Mu September 1976, dzikolo likutchedwa Zaire, boma lidamutuma ku Yambuku, mudzi wa m'nkhalango womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Kinshasa. Kumeneko anthu ankafa ndi nthenda yosadziwika pa chipatala cha mishoni ya Katolika. Poyamba ankaganiza kuti ndi taifodi kapena chikasu. Muyembe adatenga magazi a odwala ndi tizidutswa ta chiwindi cha omwalira ndi manja ake, opanda magolovesi. Adaona kuti pamene wabayapo singano magazi sakuleka kutuluka. Chimene chidamuteteza ndi sopo ndi madzi basi. Pobwerera ku Kinshasa adatenga sisitere wina wa ku Belgium yemwe adali kudwala, ndipo magazi a sisitereyo adatumizidwa ku Antwerp. Akatswiri a kumeneko ndi a ku Atlanta, ku America, adapeza kuti kadali kachilombo katsopano, ndipo adakatcha Ebola, dzina la mtsinje wa m'deralo.

Pa anthu 318 amene adadwala, 280 adamwalira. Kafukufuku adaonetsa kuti ambiri adatenga nthendayi kudzera m'majakisoni, popeza chipatalacho chidali ndi masingano ochepa omwe ankabayira anthu ambiri osawaphitsa bwino. Ena adaitenga posamalira odwala ndi posambitsa maliro. Komabe pamene dziko lapansi linkasimba za kutulukiridwa kwa Ebola, maina amene ankatchulidwa adali a anthu a ku Ulaya ndi ku America. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa: ku Zaire kudalibe makina oyezera kachilombo koteroko, motero amene adali ndi makina ndiwo adalandira ulemu.

Nthendayi idabukanso mu 1995 m'tauni ya Kikwit, komwe anthu oposa 300 adadwala ndipo pafupifupi 250 adafa. Muyembe ndi madokotala anzake a ku Zaire adaganiza motere: ngati munthu wachira, ndiye kuti m'magazi mwake muli asilikali amene agonjetsa kachilomboko. Choncho adatenga magazi a anthu ochira n'kuwapatsa odwala 8. Mwa odwalawa, 7 adachira. Akatswiri ambiri akunja sadakhutire. Iwo adati anthu 8 ndi ochepa, ndiponso padalibe gulu lina la odwala loti n'kuyerekezera nalo. Mfundo yawo idali yoona malinga ndi malamulo a sayansi, koma Muyembe sadataye ganizo lake. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1998 adasankhidwa kukhala mkulu wa bungwe la boma lofufuza za matenda la INRB ku Kinshasa. Pa udindo umenewu adalimbikira zinthu ziwiri: kupeza zipangizo zoyezera matenda m'dziko momwemo, ndi kuphunzitsa achinyamata. Ambiri adatumizidwa kunja kukaphunzira, n'kubwerera kudzagwira ntchito kwawo. Mmodzi mwa iwo, Sabue Mulangu, adagwira ntchito pamodzi ndi akatswiri a boma la America pofufuza magazi a munthu wina amene adachira ku Kikwit. M'magaziwo, omwe adatengedwa patapita zaka 11 chichirire munthuyo, adapezamo msilikali wamphamvu amene adamutcha mAb114, ndipo adapanga naye mankhwala.

Nthawi yoyesa mankhwalawa idafika pamene Ebola idabuka kum'mawa kwa Congo mu 2018, m'zigawo za North Kivu ndi Ituri, komwe kudalinso nkhondo. Mliriwo udatha mu 2020 utapha anthu oposa 2,200. Mkati mwa mavuto amenewa, Muyembe, Mulangu ndi anzawo adayesa mitundu 4 ya mankhwala pa odwala oposa 600, motsata malamulo onse a sayansi. Pa odwala 100 alionse amene adalandira mAb114, adamwalira pafupifupi 35, pamene pa odwala 100 amene adalandira mankhwala oyerekezera nawo a ZMapp adamwalira pafupifupi 50. Amene adafika msanga kuchipatala adachira ambiri koposa. Mu December 2020 boma la America lidavomereza mankhwalawa ndi dzina loti Ebanga. Ganizo lomwe lidakayikiridwa ku Kikwit lidatsimikizika patatha zaka zoposa 20.

Kusiyana kwa 1976 ndi 2018 n'kwakukulu. Mu 1976 magazi adayenda ulendo wa pandege kupita ku Ulaya, anthu akufabe ku Yambuku. Mu 2018 magazi ankayezedwa pafupi ndi odwala, ndipo zotsatira zinkadziwika tsiku lomwelo. Oyezawo adali ana a dzikolo, odziwa chinenero ndi miyambo ya anthu, amene akadatha kukambirana ndi mafumu za kaikidwe ka maliro popanda kunyoza ofedwa. Izi sizikutanthauza kuti thandizo lakunja n'losafunika, pakuti mankhwala aja adapezeka chifukwa cha mgwirizano wa maiko. Mutu umodzi susenza denga. Chofunika n'chakuti mwini nyumba akhale nawo pa denga pomwepo, akumanga nawo.

Zoterezi zidaonekanso kum'mwera kuno. Mu November 2021, Sikhulile Moyo, katswiri wobadwira ku Zimbabwe yemwe ankagwira ntchito ku Botswana, adali mmodzi mwa oyamba kuzindikira mtundu wa Omicron wa kachilombo koyambitsa Covid-19, ndipo dziko lonse lapansi lidachenjezedwa msanga. Kuno ku Malawi, sukulu yophunzitsa madokotala idatsekulidwa ku Blantyre mu 1991. Chisanafike chaka chimenecho, Mmalawi aliyense wofuna udokotala ankayenera kukaphunzira kunja.

Inu ophunzira amene mukuwerenga chimangirizochi, dziwani kuti matenda atsopano sadathe kubuka. Ambiri amachokera ku nyama, ndipo pamene anthu akulowerera m'nkhalango kukatsekula minda, mpata woti tizilombo tidumphire kwa anthu ukukula. Tsiku lina nthenda yachilendo ikhoza kuyambira m'boma lanu. Woyamba kuiona adzakhala namwino kapena dokotala wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo miyoyo ya anthu ambiri idzadalira ngati iyeyo adaphunzitsidwa kuizindikira. Maphunziro amenewo amayambira pa sayansi ndi masamu zimene mukuphunzira m'kalasi lero.