Mbiri ya Kudikira Chilolezo Chokhazikika ku Britain ndi Gawo la Maloya

Chilolezo chokhala ku Britain popanda malire a nthawi, chimene malamulo a dzikolo amachitcha Indefinite Leave to Remain, chinachokera m'lamulo loona za anthu olowa m'dziko la 1971, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1973. Chisanafike chaka cha 1962, anthu a m'maiko a Commonwealth ankalowa ndi kukhala m'dzikolo osapempha kwa wina aliyense, motero kudikira yankho la boma kunayamba pamene khomo linayamba kutsekedwa. Munthu wobwera kudzagwira ntchito, monga anamwino ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene anapita kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ankayenera kukwanitsa zaka zinayi, zomwe zinakhala zisanu mu 2006, asanapereke pempho lake ku Home Office, unduna woona za m'dziko.

Kukula kwa vuto la kuchedwa kunaonekera poyera mu 2006, pamene nduna ya undunawu, John Reid, inaulula kuti mafayilo pafupifupi 450,000 a anthu opempha chitetezo anali asanaweruzidwe, ndipo inalonjeza kuti ntchitoyo itha m'zaka zisanu. Ambiri mwa anthuwa anapatsidwa chilolezo chokhazikika, koma atataya zaka zochuluka, ena osaloledwa kugwira ntchito, ena osatha kupita kwawo ngakhale kumaliro a makolo awo. Mu 2012 mkulu woyendera ntchito za nthambi ya Home Office yoona za olowa m'dziko, John Vine, anapeza kuti mu ofesi ya ku Liverpool munali mabokosi oposa 150 a makalata osatsegulidwa, ndipo ena mwa makalatawo anali ochokera kwa maloya ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Izi zikusonyeza kuti kalata ya loya payokha siinkafulumizitsa fayilo, popeza nayonso inkangounjikidwa pamodzi ndi za anthu wamba.

Mphamvu ya maloya inaonekera kwina, m'makhoti. Njira yotchedwa judicial review, imene imapatsa woweruza mphamvu younika ngati boma lachita zinthu motsata malamulo, imalola wodikira kukasuma pamene kuchedwa kwapyola muyeso, ndipo kawirikawiri kalata yochenjeza kuti nkhani ikupita kukhoti, yomwe boma limayembekezeredwa kuiyankha pa masiku 14, ndiyo imachititsa kuti fayilo yoiwalika ifufuzidwe. Mu 2008, pa mlandu wa EB (Kosovo), khoti lalikulu la House of Lords linagamula kuti kuchedwa kwa boma kuyenera kuganiziridwa poweruza, chifukwa munthu akamadikira amamanga banja ndi kuzika mizu, ndipo boma silingachite ngati zaka zimenezo sizinadutse. Chigamulochi chinapindulira anthu ambiri amene sanaonanepo ndi loya, ndipo apa ndi pamene pagona phindu lenileni la ntchito ya maloya.

N'zomvetsa chisoni kuti thandizoli linachepetsedwa pa nthawi imene linkafunika kwambiri. Kuyambira mu Epulo 2013, boma linaleka kulipirira maloya a anthu osauka ku England ndi Wales pa nkhani zambiri za olowa m'dziko, kupatula zochepa monga za opempha chitetezo ndi otsekeredwa, pamene mtengo wa pempho, lomwe linali laulere mpaka mu 2003, unakwera kufika pa mapaundi 3,029 mu 2025. Zotsatira zake zinaoneka mu 2018 pa nkhani ya Windrush, yokhudza anthu ochokera ku Caribbean amene lamulo la 1971 linawapatsa kale ufulu wokhala m'dzikolo, koma analibe mapepala ouchitira umboni. Ena anachotsedwa ntchito, ena anamanidwa chithandizo cha kuchipatala, ndipo osachepera 83 anathamangitsidwa m'dzikolo molakwika, ndipo nkhaniyi inachititsa kuti nduna ya Home Office, Amber Rudd, itule pansi udindo. Ndondomeko yowapepesa ndi ndalama inakhazikitsidwa mu Epulo 2019, koma nayonso inayamba popanda thandizo la boma lolipirira maloya.